Modelo ya HMM ikamasinthasintha yankho: poyambira kufufuza pa deta ya mvula

Dandaulo lake limakhala lomwelomweli, makamaka kwa amene akulemba kafukufuku wa zanyengo kapena zaulimi. Munthu watenga deta ya mvula ya tsiku ndi tsiku, mwina ya zaka 30, waiika mu hidden Markov model (HMM), pulogalamu yayenda bwinobwino mpaka kumapeto. Mawa lake waiyendetsanso osakhudza kalikonse, koma manambala atuluka ena. Wina zimamuthera pakati, pulogalamu yaima ndi uthenga wonena kuti mizere ya transmat_, tebulo la mwayi wochoka mu mkhalidwe wina kupita ku wina, sikukwana 1. Winanso amapeza kuti mwa mikhalidwe inayi imene anapempha, umodzi wangokhala mbee, ulibe tsiku ngakhale limodzi. Ambiri akafika apa amathamangira kusintha pulogalamu, kuchoka ku Python kupita ku R, kapena kuwonjezera mikhalidwe. Ine ndikuti dikirani kaye. Kawirikawiri masamu a modeloyi amakhala ali bwino. Cholakwika chimakhala pa deta imene mwaipatsa, pa mtundu wa mvula umene mwaiuza kuti iyembekezere, ndiponso pamalo pamene mwaiyambitsira.

Tikumbutsane kaye zimene modeloyi imachita. Imaganiza kuti tsiku lililonse mlengalenga muli mkhalidwe umodzi mwa ingapo, ndipo mkhalidwewo sitiuona ndi maso. Chimene timaona ndi mamilimita a m'chida choyezera mvula basi. Mkhalidwe wa lero umadalira wa dzulo wokha, ndipo mkhalidwe uliwonse uli ndi kagwedwe kake ka mvula. Masamu ake anayalidwa ndi Leonard Baum ndi anzake ku Princeton kuyambira mu 1966, ndipo Walter Zucchini ndi Peter Guttorp anawagwiritsa ntchito pa mvula mu 1991. Pophunzitsa modelo timagwiritsa njira ya Baum-Welch: imayamba ndi manambala ongoyerekeza, n'kuwerengera mwayi wa mkhalidwe uliwonse pa tsiku lililonse, n'kukonza manambala aja, kenako kubwerezanso. Mavuto onse amene ali m'munsimu amatulukira penapake mu kuzungulira kumeneku.

Tsegulani fayilo muione ndi maso

Musanakhudze modelo, sanjani deta kuyambira nambala yaing'ono mpaka yaikulu ndipo muyang'ane mbali zonse ziwiri. Mafayilo ambiri a zanyengo amalemba tsiku losowa ngati -99 kapena -999, ena 9999. Nambala yotere ikalowa ngati mvula yeniyeni, modelo imaipatsa mkhalidwe wakewake, ndipo mwataya mkhalidwe umodzi pa chinthu chimene si nyengo. Kulemba ziro pa masiku osowa n'koipa kuposa pamenepo, chifukwa mwapanga ng'amba imene sinachitike, ndipo palibe uthenga uliwonse umene udzakuchenjezeni. Njira yoyenera ndi yakuti tsiku losowa lisanene kanthu: mwayi wa zooneka (mvula imene timayeza) pa tsikulo ukhale 1 pa mikhalidwe yonse. Phukusi la depmixS4 la mu R limalola NA, chizindikiro cha nambala yosowa, pa zooneka. hmmlearn ya mu Python siilandira NaN (chizindikiro choti pamalopo palibe nambala), choncho kumeneko dulani deta pamene pali mpata, zidutswazo muzipereke ngati mindandanda yosiyana.

Palinso vuto lina lobisika kwambiri. Chida choyezera mvula chimawerengedwa ndi munthu m'mawa uliwonse. Munthuyo akapanda kubwera Loweruka ndi Lamlungu, mvula ya masiku atatu imalembedwa yonse pa Lolemba, masiku awiri aja n'kukhala ziro. Neil Viney ndi Bryson Bates anaonetsa mu 2004 kuti zoterezi zinali zofala ngakhale mu deta ya ku Australia imene inkatengedwa kuti ndi yodalirika. Kwa HMM zimenezi zimapweteka pawiri, chifukwa zimasokoneza kuchuluka kwa mvula komanso kutsatizana kwa masiku, kumene ndiye mtima wa modeloyi. Kuyesa kwake n'kosavuta: werengani masiku a mvula pa tsiku lililonse la sabata. Mvula siidziwa Lamlungu. Lamlungu likaoneka louma kuposa masiku ena, Lolemba n'kukhala lonyowa kwambiri, masiku amenewo muwatenge ngati osowa.

Kenako onani mmene mwalumikizira zaka. Mukapereka chaka chonse, Januwale mpaka Disembala, modelo idzakupezerani dzinja ndi chilimwe, zimene kalendala ikanakuuzani kwaulere. N'chifukwa chake ambiri amatenga nyengo ya mvula yokha, tinene Novembala mpaka Epulo, masiku 181 kapena 182. Koma mukatero muyenera kuuza pulogalamu pamene nyengo iliyonse ikuthera. Mu hmmlearn ndi fit(X, lengths), mu depmixS4 ndi ntimes. Mukaiwala, modelo imaganiza kuti 30 Epulo amatsatidwa ndi 1 Novembala. Pa tebulo la kusintha kwa mikhalidwe kuwonongeka kwake n'kochepa, malo 29 okha mwa masiku oposa 5,000. Pamene pamawonongeka kwenikweni ndi pa startprob_, mwayi wa mkhalidwe umene nyengo imayamba nawo, chifukwa modelo yaona chiyambi chimodzi chokha m'malo mwa 30, ndiye imapereka pafupifupi 1 kwa mkhalidwe umodzi ndi ziro kwa inayo.

Masiku ouma ndi GaussianHMM

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pamagwera anthu ambiri. Zitsanzo zambiri za pa intaneti zimagwiritsa GaussianHMM, ndiye munthu amangoikopera n'kuikamo mamilimita. Koma mvula ya tsiku ndi tsiku siifanana m'pang'ono pomwe ndi kagawidwe ka Gauss, kaja kooneka ngati belu. Ngakhale pakati pa dzinja, masiku ambiri amakhala ziro ndendende. Otsalawo ambiri ndi a mvula yochepa, ndipo apo ndi apo pamagwa chimvula cha mamilimita 80 kapena 100.

Taonani zimene zimachitika m'kati. Baum-Welch imapeza kuti pali masiku mazanamazana a nambala imodzimodzi, ziro. Imasuntha mkhalidwe umodzi kupita pamenepo: avereji ikutsika, variance (kumwazikana kwa manambala) ikutsikanso. Tsono kutalika kwa nsonga ya Gauss kumakwera pamene variance ikuchepa, ndipo kulibe malire. Kuzungulira kulikonse kumachepetsa variance, log-likelihood (nambala yoonetsa mmene modelo ikugwirizanira ndi deta) n'kumakwera, njirayo n'kumaona ngati ikuchita bwino kwambiri. Mukasindikiza covars_, mmene muli variance ya mkhalidwe uliwonse, mudzaona mkhalidwe umodzi uli ndi kanambala kokhala ndi maziro ambirimbiri kutsogolo, pamene inayo ili m'makumi kapena m'mazana. Chizindikiro china ndi log-likelihood yokwera modabwitsa poyerekeza ndi maulendo ena. Log-likelihood kukhala pamwamba pa ziro pakokha si kulakwa pa deta ya manambala oyezedwa, koma ulendo umodzi ukasiya anzake kutali chonchi, musasangalale, onani variance.

Ena amathetsa izi poika malire apansi pa variance, kapena kuwaza timanambala ting'onoting'ono pa maziro aja. Pulogalamu imasiya kudandaula, koma modelo imakhala ikadali yolakwika: mukaiuza kuti ipange mvula yongoyerekeza idzakupatsani masiku a mvula ya -3 mm. Kutenga log ya mvula mutawonjezera 1 kumathandiza pa masiku a chimvula, koma mulu wa maziro umakhalabe pomwepo.

Njira zoona ndi ziwiri. Yosavuta ndi kusiya mamilimita n'kugawa masiku m'magulu: louma ndi lonyowa, malire ake 1 mm monga amachitira ambiri, kapena magulu anayi, louma, mvula yochepa, yapakati ndi yaikulu. Apa mugwiritse CategoricalHMM. Chenjerani ndi maphunziro akale a pa intaneti amene amati MultinomialHMM: kuyambira pa hmmlearn 0.2.8 dzinali linasintha tanthauzo, ndipo ntchito yakale ija inapita ku CategoricalHMM. Njira yachiwiri ndi ya amene akufunadi mamilimita: mkhalidwe uliwonse ukhale ndi magawo awiri, mwayi woti tsikulo kugwa mvula, ndiponso kagawidwe ka gamma kapena ka exponential ka kuchuluka kwake ikagwa. Izi zimafuna kulemba nokha gawo la zooneka, koma ndiye modelo yoyenera mvula. Langizo langa ndi lakuti muyambe ndi louma ndi lonyowa. Andrew Robertson, Sergey Kirshner ndi Padhraic Smyth, mu kafukufuku wawo wa mu 2004 wa ku Ceará, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, anagwiritsa kugwa ndi kusagwa kwa mvula kokha pa masiteshoni 10, ndipo anapeza mikhalidwe inayi yomveka bwino.

Yankho likamasintha

Deta ikakhala bwino koma mayankho akusiyanabe, yambani ndi kufananiza log-likelihood ya maulendo awiriwo. Ikakhala yofanana, mwina palibe vuto lililonse. Modelo siidziwa kuti mkhalidwe wouma uyenera kutchedwa 0. Lero ukhoza kukhala 0, mawa 2, ndipo mizere ya matebulo onse imasinthana malo motsatira. Mikhalidwe itatu ingasanjidwe m'njira 6, inayi m'njira 24, zonsezo ndi modelo imodzi. Mukamaliza kuphunzitsa, isanjeni nokha kuyambira wouma kwambiri mpaka wonyowa kwambiri, ndipo musinthe mizere ndi mizati yomwe ya transmat_. Anthu amakonda kusintha mizere yokha n'kuiwala mizati, tebulo n'kusokonekera mwakachetechete.

Log-likelihood ikakhala yosiyana, ndiye kuti maulendowo afikadi pamalo osiyana. Baum-Welch ili ngati munthu wokwera phiri la Mulanje m'nkhungu: amangoponda kumene kukukwera, akafika poti mbali zonse n'zotsika amaima n'kumati wafika pa Sapitwa, chonsecho ali pa kansonga kena kam'munsi. Kumene adzaime kumadalira kumene anayambira. Kuika random_state kapena set.seed kumachititsa kuti yankho lisamasinthe, ndipo n'kofunika kuti ena athe kubwereza ntchito yanu, koma sikutanthauza kuti yankholo ndi labwino. Mwangomangirira modelo pa nsonga imodzi osadziwa ngati ndi yaitali.

Chitani izi: yendetsani modelo maulendo 30 kapena 50, uliwonse ndi poyambira pake, musunge log-likelihood ya ulendo uliwonse, muzisanje. Ngati maulendo ambiri afika pa nambala yapamwamba imodzimodzi, mwapeza yankho loti mungalidalire. Ngati yapamwambayo yafikidwa kamodzi kokha ndipo ena onse amwazikana, chimenecho ndi chizindikiro choti mikhalidwe yachuluka kuposa imene deta ingakwanitse. Muthanso kuyambitsa modelo ndi nzeru zimene muli nazo kale: manambala a pa diagonal ya tebulo la kusintha, omwe ndi mwayi wokhalabe mu mkhalidwe womwewo, akhale aakulu, monga 0.8, chifukwa nyengo imakonda kukhalitsa, ndipo mwayi wa mvula wa mikhalidweyo ukhale wotalikirana, monga 0.1, 0.5 ndi 0.9. Mu hmmlearn, mukaika manambala anuanu muyeneranso kusintha init_params, apo ayi fit imawafufuta n'kuyamba ndi akeake. Imachenjeza ndithu, koma uthengawo umadutsa mosavuta pakati pa mauthenga ena.

Pali msampha wina umene ndimafuna aliyense wogwiritsa hmmlearn aziudziwa. Mukapanda kutchula n_iter, pulogalamu imazungulira maulendo 10 okha. Pa deta ya mvula 10 sakwanira. Choonjezera apo, monitor_.converged imanena True ngakhale pamene yaima chifukwa choti maulendo atha, osati chifukwa choti yakhazikika. Ikani n_iter pa 500 kapena 1,000, chepetsani tol (malire a kusintha kwa log-likelihood amene pulogalamu imaimira) kuchoka pa 0.01, ndipo muyang'ane monitor_.iter. Ikafanana ndi n_iter, modelo yadulidwa isanafike. Mayankho ambiri amene amaoneka ngati nsonga zosiyana amakhala maulendo odulidwa panjira basi.

Nanga uthenga wakuti "Model is not converging"? Umatuluka log-likelihood ikatsika m'malo mokwera. Kutsika kwa kanambala kochepetsetsa kumapeto kwenikweni si nkhani. Kutsika kwakukulu ndi nkhani, chifukwa mwa masamu ake Baum-Welch siyenera kubwerera m'mbuyo: bwererani ku variance ija, kapena ngati munalemba nokha gawo lina, cholakwika chili mmenemo.

NaN ndi -inf

Amene alemba okha pulogalamu yawo amakumana ndi izi msanga. Modelo imachulukitsa mwayi wa tsiku lililonse ndi wa masiku apitawo, koma kompyuta ili ndi nambala yaing'ono kwambiri imene ingasunge. Mukachulukitsa 0.5 ndi 0.5 maulendo 1,075, yankho limasanduka ziro weniweni, ndipo masiku 1,075 sakwana n'komwe zaka zitatu. Mukakhala ndi masiteshoni 10 pamodzi, zomwezo zimachitika patangodutsa masiku 100, nyengo imodzi isanathe. Kenako ziro kugawa ndi ziro ndi NaN, ndipo NaN imafalikira m'matebulo onse. Mankhwala ake ndi akale, Lawrence Rabiner anawafotokoza bwino mu 1989: pa tsiku lililonse gawani manambala a forward (mwayi wa mkhalidwe uliwonse pamodzi ndi zooneka kufika tsikulo) ndi chiwonkhetso chawo, musunge log ya chiwonkhetsocho, pamapeto muphatikize ma log onsewo. Kapena chitani zonse mu log, pophatikiza mugwiritse logsumexp ya mu SciPy. Maphukusi odziwika amachita kale zimenezi, choncho mukaona NaN mu hmmlearn kapena depmixS4 gwero lake ndi lina.

Gwero linalo ndi ziro wa mu tebulo. Baum-Welch siingadzutse ziro: nambala ikangofika pa ziro imakhala pomwepo mpaka kalekale. Modelo ikaphunzira kuti mu mkhalidwe wouma simugwa mvula yaikulu n'kamodzi komwe, kapena kuti kuchoka ku mkhalidwe wina kupita ku unzake n'kosatheka, ndiye pa deta yatsopano pakapezeka tsiku limene njira zonse zolifikira zatsekedwa, score, imene imawerengera log-likelihood, imabweza -inf (log ya ziro). Ikani transmat_prior ndi emissionprob_prior pamwamba pang'ono pa 1, monga 1.1, kuti pasakhale khomo lotsekeratu. Uthenga uja wa mizere yosakwana 1 ndi m'bale wake wa vutoli: mkhalidwe wina sunapatsidwe tsiku lililonse, ndiye mzere wake ulibe chowerengera. Osangodzaza mzerewo ndi manambala kuti pulogalamu ipitirire. Modelo ikukuuzani kuti mkhalidwewo ilibe nawo ntchito.

Mikhalidwe ingati

Kuwonjezera mkhalidwe kumakweza log-likelihood pafupifupi nthawi zonse, choncho nambala imeneyo payokha siingakusankhireni. Mtengo wake umakwera msanga: tebulo la kusintha la mikhalidwe itatu lili ndi manambala 6 oti aphunziridwe, la mikhalidwe 6 lili ndi 30. AIC ndi BIC, miyeso imene imalanga modelo ya manambala ochuluka, zimathandiza, koma Jennifer Pohle ndi anzake anaonetsa mu 2017 kuti zimakonda kusankha mikhalidwe yochuluka pamene modelo ili ndi chilema kwina. Mkhalidwe wowonjezerawo umangokhala chigamba chotseka chilemacho. Pa mvula zigamba zotere zimadziwika. Deta ya kuchigawo chakummwera kwa Malawi ikaphatikiza Marichi 2023, masiku a namondwe Freddy akhoza kutenga mkhalidwe wawowawo, wa masiku owerengeka m'zaka 30 zonse. Si kulakwa kuti modelo yawaona, koma simungaphunzire mwayi wolowa ndi wotuluka mu mkhalidwe umene waoneka kawiri kapena katatu. Pa masiteshoni angapo palinso china: modelo wamba imaganiza kuti mkhalidwe ukadziwika, siteshoni iliyonse imagwa mvula payokha. Masiteshoni oyandikana, monga Chileka ndi Chichiri, satero, ndipo modelo imaonjeza mikhalidwe pofuna kubisa kufananako.

Ndiye yesani 2, 3, 4 ndi 5. Pa iliyonse onani ngati maulendo ambiri akufika pa yankho limodzi, onani masiku amene mkhalidwe uliwonse watenga, ndipo siyani nyengo zingapo pambali kuti muyesere modelo pa deta imene sinaione. Pomaliza dzifunseni ngati mungaufotokoze mkhalidwe uliwonse kwa katswiri wa zanyengo iye n'kuuzindikira. Koma samalani ndi mayina. Modelo ikapeza mkhalidwe wonyowa, sizikutanthauza kuti yapeza mphepo ya ku Congo kapena ITCZ (lamba wa mvula pamene mphepo za kumpoto ndi za kummwera zimakumana). Yagawa masiku motsatira manambala. Kuti munene zoposa pamenepo muyenera kutenga masiku a mkhalidwewo n'kuona mphepo ndi chinyezi cha masikuwo kuchokera ku deta ina.

Ng'amba ikamatuluka yaifupi

Vuto ili limaonekera mochedwa, zonse zitayenda bwino, ndipo kwa wofufuza zaulimi ndi limene lili lalikulu. Mu HMM wamba, mwayi wokhalabe mu mkhalidwe ndi umodzimodzi tsiku lililonse, kaya mwakhalamo tsiku limodzi kaya masiku 15. Ukakhala 0.8, avereji ya kukhalamo ndi masiku 5, ukakhala 0.9 ndi masiku 10, koma m'zonsezi kutalika kumene kumapezeka kawirikawiri kuposa kwina kulikonse ndi tsiku limodzi. Ng'amba ya milungu itatu pakati pa Januwale ndi Febuluwale, imene imapsereza chimanga chikamamasula, modelo yotere ikhoza kuipanga mwa apo ndi apo kuposa mmene imachitikiradi. Werengani kutalika kwa ng'amba zonse mu deta yanu, muwerengenso mu mvula yopangidwa ndi modelo, muziike pa chithunzi chimodzi, ndipo maso anu akhale kumapeto, kwa ng'amba zazitali. Zikasiyana, mungalole mikhalidwe iwiri youma, wina wokhalitsa ndi wina wodutsa, kapena kupita ku hidden semi-Markov model imene imaphunzira kutalika kwa kukhala payokha, monga ya mu phukusi la mhsmm mu R. Ngati kusiyanako kuli pakati pa zaka, zaka za El Niño kukhala zouma kuposa mmene modelo ikunenera, ndiye mukufunika modelo imene tebulo lake la kusintha limadalira zinthu zakunja, njira imene James Hughes ndi Guttorp anaiyala mu 1994.

Powerenga ng'amba musagwiritse mzere wa mikhalidwe wochokera ku predict ngati kuti ndi choonadi. Njira ya Viterbi, imene predict imagwiritsa, imapereka mndandanda umodzi umene uli ndi mwayi waukulu kuposa ina yonse, koma siinena kuti ikukayika pati. Sindikizani predict_proba, mwayi wa mkhalidwe uliwonse pa tsiku lililonse, pambali pake. Tsiku limene mwayi wake wagawika 0.52 ndi 0.48 lisalembedwe mu lipoti mofanana ndi tsiku la 0.99.

Mukayesa zonsezi koma simukudziwabe ngati vuto ndi pulogalamu kapena deta, pangani deta yanuyanu. Lembani modelo ya mikhalidwe itatu ndi manambala amene mwasankha nokha, muipangitse nyengo 30 za masiku 181 pogwiritsa sample, kenako deta yopangayo muipereke ku pulogalamu yanu ija osasintha mzere uliwonse. Ikalephera kubweza manambala amene munaikamo, cholakwika chili mu pulogalamu, kapena nyengo 30 n'zochepa pa modelo ya kukula kumeneko, ndipo mungasiyanitse ziwirizi popanga nyengo 300 n'kuyesanso. Ikawabweza bwinobwino, pulogalamu ilibe mlandu, ndipo mubwerere ku fayilo ya mvula ndi ku mtundu wa zooneka umene munasankha.